Kuodira mwana ali m'mimba: phokoso limene limathandiza azamba kudziwa ngati khanda lili bwino

Kachipangizo kamene kamatulutsa phokosoli sikanapangidwire amayi oyembekezera. Kanapangidwira anthu amene anachotsedwa kholingo chifukwa cha khansa. Munthu wotero amakagunditsa pakhosi, iko n'kuyamba kulira monjenjemera, ndipo akamayendetsa milomo ndi lilime, kulirako kumasanduka mawu omveka. Kamakwana m'dzanja limodzi ndipo kamayendera batire. M'zaka za m'ma 1980, madokotala a amayi a pa University of Southern California ku Los Angeles, ena mwa iwo Carl Smith ndi Jeffrey Phelan, anakatenga n'kukagunditsa pamimba ya mayi amene matenda amuyamba, cha pamene pali mutu wa mwana. Amakaliza masekondi ochepa chabe, kenaka n'kuyang'ana zimene mtima wa mwanayo uchite.

Ankafuna yankho la funso limene limasowetsa mtendere mzamba aliyense, kaya ali ku California kaya ku Ntchisi. Mtima wa mwana ukugunda inde, koma wangoti phee, osakwera osatsika. Kodi mwanayu wagona, kapena akubanika?

Funsoli ndi lovuta chifukwa zinthu ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi kwa munthu amene ali kunja. Mwana wokhwima m'mimba amagona tulo ta mphindi 20 mpaka 40, ndipo ali mtulo mtima wake umagunda mofatsa, mopanda kulumpha. Mankhwala ochepetsa ululu monga pethidine, ngakhalenso magnesium sulphate amene amapatsidwa kwa mayi wothamanga magazi kwambiri, nawonso amaufatsitsa. Koma mtima wa mwana amene mpweya wa okosijeni ukumuperewera umafatsanso. Woyamba uja angofunika kumudikira. Wachiwiriyu akachedwa kutulutsidwa angabadwe wofooka, wovulala ubongo, kapena wakufa.

Mimba ikamawawa, mwana amapuma bwanji?

Mwana ali m'mimba sapuma ndi mapapo. Mpweya amaulandira kuchokera m'magazi a mayi ake kudzera mu nsengwa, imene ena amati nsapo, ndi chingwe cha pamchombo. Nthawi iliyonse chiberekero chikakunga, chimafinya mitsempha yopita ku nsengwa, ndipo magazi a mayi amachepa kufikako mpaka ululuwo utadutsa. Mwana wathanzi sadandaula nazo zimenezi. Ali ndi mpweya wosungira, ndipo chiberekero chikamasuka amabwezeretsa zimene zinapunguka. Mavuto amayamba pamene nsengwa ili yofooka, pamene chingwe chapanikizika, pamene matenda atenga nthawi yaitali, kapena pamene chiberekero chikukunga pafupipafupi osapereka mpata wopuma. Chomalizachi chimachitika dripi ya oxytocin ikachuluka mphamvu, ndipo azamba a m'Malawi muno amachidziwanso bwino kwa amayi amene amafika atamwa kale mwanamphepo kunyumba kuti achire msanga.

Mpweya ukaperewera, thupi la mwana limayamba kupanga mphamvu m'njira ina yosadalira okosijeni, ndipo njira imeneyi imasiya asidi m'magazi. Asidiyo akamachuluka, mbali ya ubongo imene imalamulira liwiro la mtima imayamba kufooka. Mtima wa mwana wabwinobwino umagunda ka 110 mpaka ka 160 pa mphindi, koma sugunda mofanana nthawi zonse: umasinthasintha pang'onopang'ono, ndipo mwana akatakataka umathamanga kwa kanthawi n'kubwereranso. Kuthamanga kumeneku n'kumene madokotala amakufuna. Pa mimba yopitirira masabata 32, amawerenga kuti mtima wakwera ngati waonjezera kugunda ka 15 pa mphindi ndipo wakhala pamenepo masekondi osachepera 15. Ubongo umene ukumira mu asidi suchita zimenezi kawirikawiri. Choncho ukaona mtima ukulumpha, wadziwa kuti ubongo ukadali ndi mphamvu zolamula.

Nzeru yonse ya phokoso ija yagona pamenepa. M'malo modikira kuti mwana adzuke yekha, umamudzutsa. Zili ngati kuodira pakhomo. Ukati "Odi!" n'kumva "Eee, fikani!", palibenso chofunsa, mwininyumba alimo ndipo ali bwino. Koma kukangoti zii, sungathamangire kukauza amfumu kuti pakhomo paja pagwa zovuta. Mwina munthuyo ali mtulo tofa nato, mwina sanamve. Chete amangokuuza kuti ufufuze zambiri.

Kuti mwana amamva ali m'mimba, amayi anazidziwa kale madokotala asanalembe. Mwa olemba oyambirira munali dokotala wa ana wa ku Germany, Albrecht Peiper, amene mu 1925 ankaliza hutala ya galimoto pafupi ndi amayi oyembekezera n'kuona ana akudzidzimuka m'mimba. Mu 1983, Jason Birnholz ndi Beryl Benacerraf anagwiritsa ntchito sikani kuonetsa kuti ana amayamba kuphethira ndi kudzidzimuka ndi phokoso mimba ikamakwana masabata 24 kapena 25, ndipo ikapitirira masabata 28 amatero mosaphonya. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1977, Read ndi Miller a ku America analemba kuti kuthamanga kwa mtima pambuyo pa phokoso kungakhale muyeso wa thanzi la mwana. Chimene gulu la Smith ndi Phelan linaonjezera ndi kachipangizo kotchipa, kosavuta kunyamula, kamene kamatulutsa phokoso ndi kunjenjemera nthawi imodzi. N'chifukwa chake m'mabuku a zachipatala njirayi imatchedwa vibroacoustic stimulation. Pambuyo pake makampani anayamba kupanga tizipangizo ta ntchito imeneyi yokha.

Makina amene anabweretsa mantha

Kuti timvetse chifukwa chake madokotala anaikondera njirayi, tiyenera kubwerera ku makina a CTG, amene amajambula papepala kugunda kwa mtima wa mwana pamodzi ndi kukunga kwa chiberekero. Anachokera ku ntchito ya anthu monga Edward Hon wa ku Yale, Roberto Caldeyro-Barcia wa ku Montevideo ndi Konrad Hammacher wa ku Germany, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1968. Chiyembekezo chinali chachikulu zedi. Anthu ankati tsopano ana obadwa opuwala ubongo achepa kwambiri, poti dokotala aziona vuto lisanakule.

Sizinatero. Kafukufuku wamkulu wa ku Dublin wa mu 1985, wa amayi pafupifupi 13,000, komanso ena amene bungwe la Cochrane linawasonkhanitsa pamodzi, okhudza amayi oposa 37,000, anaonetsa chinthu chodabwitsa. Kumangirira mayi ku makina nthawi yonse ya matenda, poyerekeza ndi kumvetsera mtima mwa apo ndi apo, kunachepetsa ndi theka chiwerengero cha makanda okomoka atangobadwa. Koma sikunaonetse kusintha pa imfa za ana kapena pa kupuwala kwa ubongo. Chimene chinachuluka ndi maopaleshoni. Mu 1996, Karin Nelson ndi anzake anawerengera kuti mwa ana amene pepala la makina linkaonetsa zizindikiro zina zoopsa, oposa 99 mwa 100 alionse sanapezeke ndi vuto la kupuwala ubongo. Makinawa amachenjeza msanga, koma amachenjezanso pamene palibe kanthu, ndipo dokotala wamantha amathamangira mpeni.

Wina angati opaleshoni yosafunika si nkhani, bola mwana wabadwa wamoyo. Amene amanena zimenezi sanaonepo mayi wa chipsera akubwera ndi mimba yachitatu, akukhala mtunda wautali ndi chipatala chimene chili ndi fiyeta. Chipsera cha pachiberekero chingang'ambike pa mimba yotsatira, ndipo nsengwa ingamere molakwika pa chipserapo. Opaleshoni ya lero ili ndi ngongole imene mayi amadzalipira zaka zam'tsogolo.

Panafunika tsono muyeso wachiwiri wotsimikizira ngati chenjezo la makina lili loona. Umene unalipo unali wa Erich Saling wa ku Berlin, wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960: kulowetsa kachitsulo m'njira ya mayi, kucheka pang'ono khungu la pamutu pa mwana, kutenga kadontho ka magazi ndi kuyeza asidi. Muyeso wa pH ukakhala 7.25 kapena kuposa, mwana ali bwino. Ukafika 7.20 kapena kutsikirapo, atulutsidwe. Njirayi imanena zoona ndithu, koma ili ndi zofuna zambiri. Nsupa iyenera kukhala itasweka, khomo la chiberekero litatseguka mokwanira, makina oyezera ali pafupi ndiponso akugwira ntchito, ndipo mayi, amene ali kale mu ululu, apirire kugonekedwa ndi kupimidwa kwa mphindi zingapo.

Madokotala ochita zimenezi ndiwo anazindikira kanthu kena. Ana ena ankati akangokhudzidwa pamutu, mtima n'kulumpha, ndipo magazi a ana amenewo ankapezeka abwino pafupifupi nthawi zonse. Steven Clark ndi anzake, a ku Los Angeles komweko, analemba zimenezi mu 1982 ndi 1984. Ngati kungokhudza kukupereka yankho, kuchekako n'kwachiyani? Apa ndi pamene panabadwira njira ziwiri zapachibale: kusisita mutu wa mwana ndi chala pomuyeza mayi, ndi kumudzutsa ndi phokoso kuchokera kunja. Ya phokoso ili ndi mwayi umodzi woposa inzake. Sifuna kuti njira ikhale itatseguka kapena nsupa itasweka, ndipo palibe chimene chimalowa m'thupi la mayi.

Mmene zimachitikira, ndi pamene yankho lake limathera

Kachitidwe kake n'kosavuta. Amayamba amvetsera kaye kuti adziwe liwiro limene mtima wakhazikika. Kenaka, ululu utadutsa, amagunditsa kachipangizoko pamimba n'kukaliza sekondi imodzi mpaka atatu. Mtima ukapanda kusintha, amadikira pang'ono n'kubwereza, koma osapitirira katatu. Nthawi zambiri mayi amamva yekha mwana akudumpha. Chimene saloledwa kuchita ndi kuliza kachipangizoko mtima uli kale pansi. Mtima ukatsika n'kukhala pomwepo, imeneyo si nthawi yoyesa ayi. Ndi nthawi yomutembenuza mayi agonere kumanzere, kutseka dripi ya oxytocin, kuona ngati chingwe sichinatsogole, ndi kuitana dokotala.

Mu 2002, Daniel Skupski ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa njira zinayi zodzutsira mwana pa nthawi ya matenda, kuphatikizapo phokoso ndi kusisita mutu. Zonse zinaloza kumodzi. Mtima ukalumpha, mpata woti mwana ali ndi asidi wambiri umakhala wochepa kwambiri. Ukapanda kulumpha, mpatawo umakwera, koma ana ambiri ndithu osayankha amabadwa ali bwinobwino. Muyeso umenewu ndi wamphamvu pokhazika mtima pansi, ndipo ndi wofooka poweruza. Amene angautenge ngati chilolezo chothamangira kufiyeta mwana akapanda kuyankha, wabweretsanso vuto lomwe lija limene unabwera kudzathetsa.

Ngakhale yankho labwinolo lili ndi malire. Pali malipoti a ana ochepa amene anayankha phokoso koma magazi awo n'kupezeka ndi asidi. Komanso limanena za nthawi yomweyo basi. Mwana amene wayankha 2 koloko usiku sanalonjeze kanthu za 3 koloko. Zoopsa zina, monga nsengwa kumatuka mwadzidzidzi kapena chiberekero kung'ambika, sizipereka chenjezo limene phokoso lingatole.

Nanga makutu a mwana? Anthu anada nazo nkhawa, poti phokosolo likalowa m'madzi a m'chiberekero silikhala laling'ono. Ofufuza a ku Singapore ndi ku Sweden anatsatira ana amene analizidwa kachipangizoka ali m'mimba, ndipo sanapeze umboni woti makutu awo anaonongeka. Ena anaona kuti mwana wodzidzimutsidwa chotere amachoka mtulo mwadzidzidzi, ndipo mtima wake ungathamange kwa nthawi yotalikirapo, zimene zingasokoneze wowerenga pepala la makina. Mwana akamalizidwa mobwerezabwereza amazolowera n'kusiya kuyankha. Ichi n'chifukwa china chosapitirizira katatu.

Tsono nachi chimene chimandidabwitsa pa nkhani yonseyi. Mu 2005, Christine East wa ku Australia ndi anzake anafufuzira bungwe la Cochrane kafukufuku wa mtundu wodalirika kwambiri, uja wogawa amayi m'magulu awiri mwamaere, kuti aone ngati kugwiritsa ntchito phokoso pa nthawi ya matenda, mtima wa mwana ukakayikitsa, kumachepetsadi maopaleshoni popanda kuika ana pachiswe. Sanapeze ngakhale mmodzi. Anabwerezanso mu 2013, ndipo zinali chimodzimodzi. Njira imene yalembedwa m'mabuku a madokotala kwa zaka zoposa makumi atatu sinayesedwepo pa ntchito imeneyi m'njira imene mankhwala atsopano amayesedwera asanaloledwe.

Umboni wolimba ulipo pa mbali ina, ya amayi amene matenda sanayambe. Kumeneko Cochrane inapeza makafukufuku 12 a amayi 6,822, oonetsa kuti phokoso limachepetsa chiwerengero cha mayeso a CTG osapereka yankho ndipo limafupikitsa muyesowo ndi mphindi pafupifupi 7. Pa chipatala chimene amayi ali pamzere kudikira makina amodzi, mphindi 7 si zocheza. Koma kufupikitsa muyeso ndi kupulumutsa mwana ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Kuno kwathu zikutikhudza pati?

Pali chifukwa chimodzi chachikulu chimene chimapangitsa kuti njira zosacheka zikhale zoyenera kuziganizira kuchigawo chino cha Africa. Kutenga magazi pamutu pa mwana sikuloledwa ngati mayi ali ndi kachirombo ka HIV kapena ka matenda a chiwindi a hepatitis, poti kabala kakang'onoko kangakhale khomo lolowera kachirombo. Dziko la Malawi, limene mu 2011 linatsogolera dziko lonse lapansi ndi ndondomeko ya Option B+ yoyambitsa ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi HIV, silingalole njira yobwezera m'mbuyo ntchito imeneyi. Kuonjezera apo, makina oyezera asidi m'kadontho ka magazi ndi okwera mtengo kugula ndi kusamala. Choncho mzamba wathu akamva mtima wokayikitsa, alibe muyeso wachiwiri wa magazi umene mnzake wa ku Berlin anali nawo kale mu 1965. Ali ndi khutu, chala, mtundu wa madzi a nsupa ngati mwana wachita chimbudzi, ndi nzeru zake.

Komabe ndingakhale wabodza nditanena kuti chimene chikusowa m'zipinda zathu zochilira ndi kachipangizo kaphokoso. Phokoso ndi funso chabe, ndipo funso limafuna womvetsera yankho. Kumene njirayi inabadwira, womvetserayo ndi makina a CTG amene akujambula mosalekeza. M'zipatala zathu zambiri zazing'ono, womvetsera ndi mzamba amene wagunditsa khutu pa fetosikopu, kachipangizo kamene Adolphe Pinard wa ku France anapanga mu 1895. Kumva ndi khutu kuti mtima wakwera ka 15 kwa masekondi 15 n'kotheka kwa mzamba waluso m'chipinda chabata, koma n'kovuta pamene mayi akubuula, wina akuitana pabedi lina, ndipo mzambayo ali yekha usiku wonse. Ndi kamakina ka Doppler ka m'manja kamene kamaonetsa nambala, zimaphweka.

Phindu la Doppler linayesedwa pafupi nafe pompano. Mu 1994, Kassam Mahomed ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi 1,255 pa chipatala cha amayi cha ku Harare, ndipo anapeza kuti Doppler imatola mavuto a mtima wa mwana kuposa fetosikopu. Ku Harare komweko n'kumene Philpott ndi Castle anakonzera patogalafu mu 1972, pepala lija limene mzamba amalembapo mtima wa mwana theka la ola lililonse. Ku Tanzania, ogwira ntchito pa chipatala cha Haydom ndi zina anathandiza kupanga kamakina kotchedwa Moyo kamene amamangirira pamimba ya mayi n'kumalira kokha mtima ukasokonekera. Ndipo pa chipatala cha Area 25 ku Lilongwe, mogwirizana ndi Baylor College of Medicine ndi Texas Children's Hospital, anaika makina a CTG olumikizidwa ku pulogalamu ya pakompyuta imene imachenjeza ogwira ntchito. Malipoti ochokera kumeneko akuti imfa za ana pobadwa zinatsika kwambiri, ngakhale tiyenera kukumbukira kuti pamalopo panabweranso fiyeta ndi antchito oonjezera, osati makina okha.

Malangizo a bungwe la World Health Organization a mu 2018 sanena kuti mayi wathanzi amangiriridwe ku makina. Amati mtima wa mwana umvetseredwe ndi Doppler kapena fetosikopu mphindi 15 mpaka 30 zilizonse matenda akakhwima, ndi mphindi 5 zilizonse mayi akayamba kukankha. Kumvetsera kulikonse kutenge mphindi yathunthu, kuyambira ululu uli mkati mpaka masekondi 30 utadutsa. Aliyense amene anakhalapo gadiyani pa chipatala cha boma angawerengere yekha: mzamba mmodzi, amayi asanu ndi mmodzi, mphindi 15. Masamu ake sakwana. Kafukufuku wa dziko lonse wa MDHS wa 2015-16 anapeza kuti amayi 91 mwa 100 alionse m'Malawi ankachilira kuchipatala, koma makanda 27 mwa 1,000 obadwa amoyo ankamwalirabe mwezi usanathe. Amayi anamvera, anabwera. Pa dziko lonse lapansi, ana pafupifupi 2 miliyoni amabadwa akufa chaka chilichonse, ndipo oposa 40 mwa 100 a iwo amafa matenda ali mkati, kutanthauza kuti ambiri analowa m'chipinda chochilira mtima ukugunda.

Mawu amodzi kwa amayi ndi azibambo amene angawerenge izi n'kufuna kuyesa kunyumba. Kuika foni kapena wailesi pamimba si muyeso. Mwana akachepetsa kutakataka kusiyana ndi masiku onse, musataye nthawi kumudzutsa ndi nyimbo n'kudzitonthoza kuti wasuntha kamodzi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, usiku womwewo, osadikira tsiku la sikelo. Ndipo muli m'chipinda chochilira, muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Anamwino, mwanayu mtima wake mwaumva liti komaliza?"

Ponena za phokoso lenilenilo, maganizo anga ndi akuti ndi chida chabwino chimene chikudikira kuyesedwa moyenera, ndipo malo oyenera kuchiyesera si London kapena Los Angeles. Kumeneko ali ndi njira zina zambiri, ndipo malangizo a ku Britain a mu 2022 amatchula kusisita mutu ndi chala. Funsoli ndi lofunika kwambiri kumene kutenga magazi pamutu n'kosatheka, kumene fiyeta ndi imodzi ndipo opaleshoni yosafunika imatseka malo a mayi wina amene akutaya magazi. Zipatala monga Bwaila ku Lilongwe ndi Gogo Chatinkha ku Queen Elizabeth zimachiritsa amayi masauzande ambiri pa chaka, ndipo pafupi pake pali ofufuza a Kamuzu University of Health Sciences. Kafukufuku wake angakhale wogawa amayi a mtima wokayikitsa m'magulu atatu: ena phokoso, ena kusisita mutu ndi chala, ena chisamaliro cha masiku onse. Kenaka awerenge maopaleshoni, awerenge ana ofunika kuwathandiza kupuma atangobadwa, awerenge ogonekedwa kunazale ndi omwalira, ndipo ana otsalawo awatsatire mpaka atayamba kuyenda ndi kulankhula.